Magalimoto a hybrid m'magalaja a kuchigwa cha Shire: ntchito ziti tigwire, ziti tikane?

Mwini galaja, Nchalo

Akuluakulu a pagulu lino, ndikupempha kuti tikambirane mozama za magalimoto a hybrid amene achuluka mumsewu wa M1 kuyambira pa Thabwa mpaka ku Nsanje. Ma Toyota Aqua, ma Prius, ma Honda Fit ndi ena mwa ma Sienta amene akunyamula anthu masiku ano ali ndi batire lalikulu kuwonjezera pa injini ya petulo, ndipo eni ake akamva phokoso lachilendo kapena nyali ikayaka pa dashibodi sakwera mapiri kupita ku Blantyre, amakhotera m'magalaja athu omwewa. Ambirife tinaphunzira ntchito pa magalimoto a petulo ndi dizilo, amene batire lake ndi la mavolti 12 kapena 24, loti ukalakwitsa limangothetheka n'kukuwaula chala. Funso langa ndi lakuti, galaja wamba ya pansi pa mtengo wa nimu kapena ya shedi ya malata ingagwire ntchito ziti pa magalimoto amenewa popanda kuika miyoyo ya anyamata pachiswe, ndipo ndi ntchito ziti zimene tiyenera kuzikana ngakhale mwini galimoto atakakamira chotani?

Makaniko wachikulire, Bangula

Achimwene a ku Nchalo, nkhani mwaiyamba bwino, koma ine ndikuona kuti mantha akuchuluka kuposa choopsa chenichenicho. Aqua ili ndi mabuleki, mabushi, matayala ndi injini yofuna oyilo monga galimoto ina iliyonse, ndipo zambiri zimene misewu yathu imaononga ndi zomwezo. Munthu wochokera ku Marka kapena kwa Tengani tikamubweza chifukwa choti galimoto yake ili ndi batire lalikulu, ndiye kuti tamuuza ayende ulendo wa tsiku lathunthu pa vuto la mabushi chabe, ife n'kugona ndi njala. Ena mwa amene amafalitsa kwambiri zoti magalimotowa ndi oopsa ndi anzathu a m'tauni amene akufuna kuti ntchito yonse izikwera kumtunda. Ine ndimawagwira ndithu, ndipo lamulo langa ndi limodzi, loti mawaya a olenji, amene amanyamula magetsi a batire lalikulu, sindiwakhudza.

Mphunzitsi wa zamagetsi a galimoto, Chikwawa

Bambo a ku Bangula anena zoona kuti ntchito zambiri pa magalimotowa ndi zimene tinazizolowera kale, ndipo palibe chifukwa chobwezera munthu amene wabwera ndi vuto la mabushi. Lamulo lawo losakhudza mawaya a olenji ndi poyambira pabwino, koma silikwanira, chifukwa ntchito zina zooneka wamba zimamufikitsa munthu pa mawayawo asanazindikire, monga kutsitsa giyabokosi, kusintha kompuresa ya AC, kuwongola chitsulo cha kunsi kwa galimoto yogundidwa, ngakhalenso kutsegula mpando wakumbuyo wa Aqua pofuna batire laling'ono la mavolti 12, pakuti mabatire onse awiri amakhala pansi pa mpando womwewo.

Tiyambe ndi kukula kwa magetsi amene tikunenawa. Opanga magalimoto amatsatira muyezo wakuti magetsi a batire akapitirira mavolti 60 ndi oopsa ku moyo wa munthu, n'chifukwa chake mawaya ake amawaveka mtundu wa olenji. Batire la Aqua, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 2011, lili ndi ma module 20, kapena kuti timabatire tolumikizana, a mavolti 7.2 iliyonse, zonse pamodzi mavolti 144. La Prius zambiri zimene zimafika kuno lili ndi ma module 28, kutanthauza mavolti pafupifupi 202, ndipo mu Prius ya 2009 mpaka 2015 inveta, chipangizo chosintha magetsi a batire kuti ayendetse mota, imakweza magetsiwo mpaka mavolti 650 powapereka ku mota. Nissan Leaf, yoyendera magetsi okhaokha, ili ndi batire la mavolti pafupifupi 360. Tikumbukire kuti magetsi a ESCOM amene tonse timawaopa m'nyumba ndi a mavolti 230.

Kuno kuchigwa tili ndi vuto lina loonjezera. Chimene chimachepetsa magetsi olowa m'thupi ndi khungu louma, koma mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukafika madigiri 40 kapena kupitirira, makaniko amagwira ntchito thukuta lili kamukamu, ovolosi atavula chakumtunda, ena atavala masilipasi pa dothi lonyowa ndi madzi otsukira magalimoto. Thukuta lili ndi mchere, ndipo khungu lonyowa motero limalola magetsi kudutsa mosavuta kwambiri.

Ndondomeko yozimitsira magetsi akuluwa si yovuta, koma siyenera kudumphidwa pena paliponse. Muzimitse galimoto ndi kutsimikiza kuti nyali ya READY, yosonyeza kuti galimoto ndi yoyatsidwa, yazima, kenako kiyi mumuike kutali, mamita osachepera 5, kuti wina asaidzutse mwangozi. Muchotse temino ya negetivi pa batire laling'ono. Mukatero muvale magolovesi a magetsi a Class 0, amene amapirira mavolti 1,000, ndi kuzula pulagi ya olenji ya pa batire lalikulu, imene buku la galimoto limaitchula kuti service plug, ndipo muisunge m'thumba mwanu, osati pa benchi pomwe mnzanu angaibwezeretse inu manja ali mkati. Mudikire mphindi 10 kuti magetsi osungidwa mu inveta athe, ndiye muyeze ndi mita kuti muone ziro ndi maso anu, mitayo mutayamba mwaiyesa pa batire laling'ono kuti mudziwe kuti ikugwira ntchito.

Wophunzira umakaniko, Miseu Folo

Aphunzitsi, pepani kuti ndilowerere nkhani ya akuluakulu. Kumene ndikuphunzira ntchito amatiuza kuti tikachotsa temino ya batire laling'ono ndiye kuti galimoto yonse yafa, ndipo tikhoza kugwira paliponse. Kodi zimenezi si zoona? Komanso ngati pulagi ya olenjiyo yazulidwa, batire lalikulu likadali ndi vuto lanji?

Mphunzitsi wa zamagetsi a galimoto, Chikwawa

Wafunsa bwino, mnyamata wanga, ndipo usamachite manyazi kufunsa zoterezi. Batire laling'ono ndi limene limayendetsa ma relay, maswitchi olumikiza batire lalikulu ku galimoto yonse, choncho ukalichotsa ma relay aja amatseguka ndipo magetsi sayenera kupitanso m'mawaya a olenji. Vuto ndi lakuti relay ikhoza kupsa n'kumatirira, makamaka pa galimoto imene inachita ngozi kapena inalowa m'madzi, ndiye mawaya amakhalabe ndi magetsi ngakhale temino yachotsedwa. Komanso mu inveta muli ma capacitor amene amasunga magetsi kwa kanthawi galimoto itazima kale, n'chifukwa chake timadikira ndi kuyeza m'malo mongokhulupirira.

Za pulagi ya olenji, anthu ambiri amaganiza kuti ikazulidwa batire latha mphamvu, pamene zoona zake n'zakuti imangodula batirelo m'zigawo ziwiri ndi kulilekanitsa ndi galimoto. Mkati mwa bokosi lachitsulo lija ma module akadali odzaza, ndipo sipanala wamba ikagwera pa timizere ta kopa tolumikiza ma module imathetheka mwamphamvu moti ikhoza kusungunuka n'kukuwotcha nkhope ndi maso. Ntchito ya mkati mwa bokosi limenelo si ya wophunzira, ndipo abwana ako akakutuma kumeneko popanda magolovesi ndi zida zokutidwa, uli ndi ufulu wokana mwaulemu.

Ndibwererenso kwa bambo a ku Bangula pa za mabuleki. Pa ma Toyota hybrid muli pampu ya magetsi imene imapopa mafuta a mabuleki, ndipo imatha kudzuka yokha munthu akangotsegula chitseko cha dalaivala kapena kuponda buleki, ngakhale galimoto ili yozima. Ngati nthawi imeneyo mwachotsa kalipa ndipo zala za mnyamata zili pakati, pisitoni ikhoza kumukanikiza kapena kutuluka yonse. N'chifukwa chake ngakhale pa ntchito ya mapadi temino ya batire laling'ono iyenera kuchotsedwa.

Dalaivala wa Sienta, Chikwawa mpaka Blantyre

Ine si makaniko, koma ndimakhala m'galimoto yotereyi tsiku lililonse ndipo ndili ndi pempho kwa amakaniko onse. Galimoto imeneyi ikakhala pa READY imakhala chete ngati ng'ona yogona m'mbali mwa Shire, munthu n'kumayesa kuti yazima, koma batire likangotsika injini imadzuka yokha popanda wina kukhudza kanthu. Ife madalaivala tili ndi chizolowezi chotsika m'galimoto kiyi ali m'thumba, AC ikuyenda chifukwa cha kutentha, ndipo makaniko wachangu amangolowa pansi n'kumasula nati ya oyilo. Injini ikadzuka oyilo atatuluka, yaonongeka, ndipo ngati dzanja lili pafupi ndi fani kapena lamba, ngozi ndi yaikulu. Musamatifunse ngati tazimitsa, chifukwa tidzangoti inde, koma muzisuzumira nokha pa dashibodi ndi kutilanda kiyi.

Chinanso chimene ndaona n'chakuti potsika mapiri kuchokera ku Blantyre kulunjika pa Thabwa batire limadzaza msanga, pakuti mota ndi imene imagwira ntchito ya mabuleki n'kumatchaja, ndipo likadzaza katundu yense amagwera mabuleki a m'matayala. Amene sadziwa kuika giya pa B, imene imachititsa injini kuthandiza kuchepetsa liwiro, amafika kumunsi mabuleki akununkha ndipo batire latentha, ndiye galimoto yotero ikalowa m'galaja ya pa Thabwa kapena pa Dyeratu isamagwiridwe nthawi yomweyo. Kabowo kolowera mphepo yoziziritsa batire kali m'kati momwe mumakhala anthu, ndipo kuno fumbi, mankhusu a chimanga ndi matumba a anthu zimakatseka. Kutsuka sefa ndi fani ya pamenepo ndi ntchito imene magalaja athu akanamatithandiza nayo nthawi zonse tikabwera kudzasintha oyilo.

Wowotcherera, Dyeratu

Tikamakamba za magetsi tisaiwale moto, chifukwa hybrid ilinso ndi thanki ya petulo, ndipo petulo wa m'dziko muno si petulo yekha. Malawi anayamba kusakaniza petulo ndi ethanol mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo kuno kwathu PressCane imapanga ethanol pa Dyeratu pompano kuchokera ku molasses ya nzimbe za ku Nchalo. Ethanol ali ndi makhalidwe ake. Amakoka madzi a mumpweya, choncho thanki yachitsulo ya galimoto yokhalitsa osayenda imachita dzimbiri mkati, ndipo amafooketsa mapaipi ena a labala osapangidwira mafuta otere, moti paipi yotchipa yomwe mwaika lero ikhoza kuyamba kudontha pa injini yotentha patapita miyezi. Ethanol wosasakaniza akamayaka masana, lawi lake ndi lotuwa losaoneka bwino padzuwa, ndipo munthu akhoza kuponda pamoto osauona.

Pa ntchito yanga choopsa kwambiri ndi thanki imene mwini wake akulumbira kuti mulibe kanthu. Chimene chimaphulika si mafuta amadziwo koma mpweya wake wosakanikirana ndi mphepo, ndiye thanki yopanda mafuta ndi imene imadzaza ndi mpweyawo. Thanki yotero sindiiyandikiza ku moto isanatsukidwe bwino ndi kudzazidwa madzi mpaka pafupi ndi pomwe ndikuwotcherera. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mphepo, umatsetsereka n'kukakhazikika m'dzenje lokonzera magalimoto, ndipo nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene eni magalaja ena amasunga zigubu za petulo pakona ya shedi ya malata yotentha, kuthetheka kamodzi kwa gulayinda n'kokwanira.

Gasi wa LPG, yemwe ambiri timaphikira ndi kudulira zitsulo ndipo amayendetsanso mafokolifiti ena, nayenso ndi wolemera ndipo amatsikira m'dzenje momwemo. Lita imodzi ya LPG yamadzi imasanduka malita pafupifupi 250 a mpweya, ndipo ikakugwera pakhungu imakuwotcha ndi kuzizira. Gasi wa CNG, gasi wachilengedwe wopanikizidwa amene magalimoto ena akuyendera ku Dar es Salaam ndi ku Maputo, ndi wosiyana, chifukwa ndi wopepuka ndipo amakwera kukaunjikana kudenga, komanso amasungidwa mu silinda yopanikizidwa mpaka mabaa 200. Galimoto ya gasi ikadzafika m'galaja mwanu, mutseke vavu ya pa silinda, muigwirire panja pamphepo osati pamwamba pa dzenje, ndipo pofufuza podontha mugwiritse ntchito madzi a sopo, osati machesi. Silinda yotero siwotchereredwa, ikaonongeka imasinthidwa.

Pa hybrid, ndikamawotcherera bodi ndimafuna magetsi akulu azimitsidwe kaye monga anenera aphunzitsi, waya wa efi ndimamumanga pafupi penipeni ndi pomwe ndikugwira, ndipo ngati ntchito ili pafupi ndi batire ndimati alichotse amene amadziwa.

Makaniko wachikulire, Bangula

Za pampu ya mabuleki ndazimva, aphunzitsi, ndipo sinditsutsa. Koma ndikufuna mutiuze za magalimoto omira, popeza kuno ndi nkhani ya chaka ndi chaka. Madzi a mu Januwale 2015, a Idai mu 2019, a namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anasiya magalimoto ambiri m'matope, ndipo ngakhale chaka chopanda namondwe mitsinje yodutsa msewu imadzaza mwadzidzidzi dalaivala n'kulowamo. Pa galimoto ya petulo timadziwa chochita: kuchotsa mapulagi, kutulutsa madzi m'masilinda, kusintha oyilo, kuyanika makapeti padzuwa. Nanga hybrid imene madzi afika pa mipando tiitani? Ndikufunsa chifukwa anthu amabwera nazo ataikoka ndi chingwe, ndipo amafuna tiyese kuiliza tsiku lomwelo.

Mphunzitsi wa zamagetsi a galimoto, Chikwawa

Bambo, pa funso limeneli yankho langa ndi lolimba: hybrid imene madzi afika pa batire isayesedwe kulizidwa, ndipo iyi ndi imodzi mwa ntchito zimene galaja yopanda zida iyenera kukana. Madzi a kusefukira si oyera, ali ndi matope ndi mchere wa m'nthaka, ndipo akaphwa amasiya dothi lonyowa pakati pa ma module ndi m'malumikizidwe, limene limapereka njira yoti magetsi azidutsa pomwe sayenera kudutsa. Galimoto ikhoza kuoneka youma kunja pamene m'bokosi la batire mukadali chinyezi ndipo dzimbiri likudya pang'onopang'ono.

Apa tiyenera kusiyanitsa mitundu iwiri ya mabatire. Aqua zoyambirira ndi Prius zambiri zakale zili ndi mabatire a nickel, amene madzi ake a mkati ndi potassium hydroxide, mankhwala owotcha khungu ndi maso koopsa, ndipo akatayikira pansi amaphedwa mphamvu ndi viniga kapena boric acid wosungunula m'madzi, munthu atavala magolovesi a labala ndi magalasi. Honda Fit hybrid za kuyambira 2013, Nissan Note e-Power ndi Leaf zili ndi mabatire a lithium, ndipo amenewa ndi amene amatha kudziyatsa okha. Selo imodzi ikaonongeka mkati imatentha, n'kutenthetsa inzake, moto n'kufalikira m'batire lonse, ndipo zimenezi zikhoza kuchitika patapita maola kapena masiku galimoto itachotsedwa m'madzi kapena pa ngozi. Utsi wake ndi wa poizoni, ndipo chozimitsira moto cha ufa chimangogwetsa malawi akunja koma sichiziziritsa mkati, choncho moto umabwereranso. Umafuna madzi ochuluka kwambiri othiridwa kwa nthawi yaitali, amene galaja yotunga pa mjigo ilibe, ndipo ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda ali ku Blantyre, makilomita pafupifupi 180 kuchokera pa boma la Nsanje.

Chimene galaja iliyonse ingachite n'kuimika galimoto yotero panja, mamita 15 kutali ndi nyumba, magalimoto ena, zigubu ndi udzu wouma, kuikapo chizindikiro choletsa anthu kuyandikira, ndi kumuuza mlonda kuti asagonemo kapena kuisendera pafupi ndi mbaula yake. Mukamva kuthetheka, kulira ngati mphepo ikutuluka, fungo lachilendo kapena kuona utsi, muthamangitse anthu onse kupita mbali imene mphepo ikuchokera, ndipo musayese kupulumutsa galimotoyo.

Namwino, Ngabu

Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ndikufuna kuwonjezera za chithandizo choyamba, chifukwa chimene chimachitika m'mphindi zoyambirira m'galaja ndi chimene chimaweruza ngati munthu afike kuchipatala ali moyo. Mnzanu akagwidwa ndi magetsi musamugwire ndi manja kuti mumukoke, pakuti inunso mugwidwa. Mumukankhe ndi chinthu chosadutsa magetsi, monga paipi yolimba ya pulasitiki kapena thabwa louma, ndipo chinthucho chizikhala pamalo odziwika, popeza nthawi ya mvula thabwa la panja silikhala louma. Akachoka pamagetsipo muone ngati akupuma. Ngati sakupuma, mumugoneke chagada pamalo olimba ndi kuyamba kukanikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, ndipo ngati munaphunzira muzimupumira mkamwa kawiri pakatha maulendo 30 alionse. Musaleke mpaka atayamba kupuma kapena atalandiridwa ndi achipatala, ngakhale muli m'galimoto popita.

Amuna ambiri akamenyedwa ndi magetsi n'kudzuka amangodzikung'untha, kumwa madzi n'kubwerera pantchito. Zimenezi n'zolakwika, chifukwa magetsi amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima ndi kuwotcha minofu ya mkati pamene kunja kukuoneka kabala kakang'ono. Aliyense wotero apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ndi pa boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kuno ku Ngabu, kapena ku Montfort ku Nchalo. Bala la moto lithiridwe madzi oyera oyenda kwa mphindi 20, osapakapo mankhwala otsukira mano, mazira, oyilo kapena dothi, ndipo mabala akuluakulu amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Madzi a batire akalowa m'maso, atsukidwe ndi madzi ambiri mosalekeza asananyamuke ndiponso ali m'njira, ndipo viniga amene atchula aphunzitsi ndi wothira pansi, osati m'maso. Mphete, wotchi yachitsulo ndi tcheni cha m'khosi zivulidwe ntchito isanayambe, ndipo pasakhale munthu wogwira magetsi akuluwa ali yekha m'galaja.

Mayi wogulitsa masipeya, Nsanje

Zikomo anesi. Ine ndikufuna kunena za zida, popeza ndi ife amene timafunsidwa. Magolovesi amene aphunzitsi akunena sapezeka m'mashopu a kuno, ndipo anyamata ena amagula a labala ochapira kapena achikopa owotcherera n'kumaganiza kuti adziteteza. Magolovesi enieni amalembedwa Class 0 ndi 1,000 V, ali ndi chizindikiro cha makona atatu awiri osanjikizana ndiponso tsiku limene anayesedwa. Mita nayonso iyenera kukhala yolembedwa CAT III, osati yotchipa yoyezera mabatire a wailesi. Mtengo wa zonsezi ndi waukulu kwa galaja imene imaona hybrid imodzi pa mwezi, ndipo sindikuona kuti ambiri agula pongouzidwa.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mabatire akufa. Batire likasinthidwa, lakale limasiyidwa kuseri kwa galaja kumene ana amasewera, kapena limagulidwa ndi ogula zitsulo zakale amene amaliswa ndi nyundo, ndipo ena amatenga ma module kukalumikiza ku sola ya kunyumba popanda choletsa kutchaja mopitirira. Batire limene lalephera kuyendetsa galimoto likadali ndi mphamvu yopha munthu. Lamulo la zachilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, limafuna chilolezo pa kasungidwe ndi katayidwe ka zinyalala zoopsa, ndiye eni magalaja musamaone ngati batire lakufa ndi chitsulo wamba chogulitsa pa sikelo. Lisungidwe pamthunzi pouma, pokiyidwa, matemino ake atakulungidwa ndi tepi, mpaka libwerere kwa amene anakugulitsani latsopano.

Mwini galaja, Nchalo

Mayi, mfundo ya mtengo ndi yoona, koma mutu waukulu sulewa nkhonya, ndipo udindo uli pa ife eni magalaja. Lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito la 1997 limaika pa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo antchito ndi otetezeka, kuphunzitsa antchito ake ndi kuwapatsa zovala zodzitetezera, ndipo lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pantchito la 2000 limawerengeranso ophunzira ntchito. Anyamata amene timawatenga kwa abale popanda kalata iliyonse akavulala, mlandu ndi wathu ndithu.

Kuchokera pa zimene zanenedwa, ine ndikuona kuti ntchito za matayala, mabushi, mapadi, oyilo ndi kutsuka sefa ya batire galaja iliyonse ingagwire, bola READY izime, kiyi achoke ndipo temino ichotsedwe. Ntchito yofika pa mawaya a olenji igwiridwe ndi amene ali ndi magolovesi, mita ndi maphunziro, ndipo ya mkati mwa batire, ya inveta ndi ya galimoto yomira tiziitumiza kwa odziwa. Ndikuganizanso kuti magalaja a dera limodzi, monga a pa Nchalo, a pa Ngabu kapena a pa Bangula, akhoza kusonkherana ndalama n'kugula zida zimodzi zobwerekana, komanso kulembera a TEVETA mogwirizana kupempha maphunziro afupiafupi ochitikira kuno kuchigwa, chifukwa makaniko wodya za tsiku lomwelo sangatseke galaja kwa milungu kuti akaphunzire kumtunda.

Makaniko wachikulire, Bangula

Za maphunziro ndikugwirizana nazo, ndipo dzina langa mulilembe. Koma za kubwerekana magolovesi ndikukana, achimwene. Chida chobwerekana sichikhala ndi mwini, chimabwera chitagwira girisi, chitasiyidwa padzuwa kapena chitabooledwa ndi kawaya, ndipo wobweza sanena. Jeke yobwerekana ikaonongeka umaiona ndi maso, koma kabowo ka m'golovesi sukaona. Kuli bwino m'dera lililonse mukhale munthu mmodzi kapena awiri ophunzira bwino, okhala ndi zida zawozawo, amene tiziwaitana kudzazimitsa magetsi ndi kudzawabwezeretsa, ife n'kumawalipira pa ntchito imeneyo yokha.

Mphunzitsi wa zamagetsi a galimoto, Chikwawa

Pamenepa ndili mbali ya bambo a ku Bangula. Magolovesi a magetsi amaonongeka ndi oyilo, petulo, dzuwa ndi kutentha, zonse zimene zili zochuluka m'magalaja athu, ndipo amayenera kusungidwa m'thumba lake osapindidwa, kuvalidwa ndi achikopa pamwamba, kuyesedwa ndi mpweya nthawi iliyonse asanavalidwe powakulunga kuchokera kukamwa kwake n'kumvetsera ngati akutuluka mphepo, komanso kuyesedwa ndi makina pakatha miyezi 6 iliyonse. Zimenezi zimatheka ngati ali ndi mwini mmodzi amene moyo wake ukudalira pamenepo.

Pali ntchito ina imene yatsala pa mndandanda wa achimwene a ku Nchalo, ndipo kuno ndi yofunidwa kwambiri chifukwa cha kutentha, ndiyo kuthira gasi wa AC. Kompuresa ya Aqua ndi Prius imayendera magetsi akulu aja, ndipo mota yake imasamba mu oyilo wa AC. Oyilo wake ndi wapadera, wotchedwa ND-11, wosadutsa magetsi. Mukathira oyilo wamba wa PAG, kapena kugwiritsa ntchito mapaipi amene mwangochotsa pa galimoto ina, chitetezo cha mota chimafooka, galimoto imayatsa nyali yochenjeza kapena kukana kulowa READY, ndipo magetsi akhoza kufika pa chitsulo cha kompuresa.

Dalaivala wa Sienta, Chikwawa mpaka Blantyre

Aphunzitsi, mwati galimoto yomira kapena yogundidwa itumizidwe kwa odziwa, koma kulipira lole yoinyamula kuchokera ku Bangula mpaka ku Blantyre ndi ndalama zimene eni ake ambiri alibe, ndipo mukudziwa kuti adzaikoka ndi chingwe usiku. Kodi palibe njira yochepetserako ngozi pamenepo?

Mphunzitsi wa zamagetsi a galimoto, Chikwawa

Adalaivala, chingwe n'chimene sindingavomereze pa ulendo wotere. Mota ya hybrid ili ndi maginito osatha mphamvu ndipo ndi yolumikizika ku matayala, choncho matayala oyendetsawo akamagudubuzika pamsewu motayo imapanga magetsi ngakhale galimoto ili yozima, ndipo magetsiwo amapita ku inveta ndi m'mawaya amene mwina athyoka kapena anyowa. Komanso galimoto yozima ilibe mphamvu yokwanira ya mabuleki ndi chiwongolero, zimene pa mapiri a pamwamba pa Thabwa ndi ngozi ina payokha. Kuikankha pang'onopang'ono, pa liwiro la munthu woyenda pansi, kuti ichoke pamsewu kapena m'madzi n'kololedwa. Kupitirira pamenepo, Aqua, Prius kapena Sienta yoyendera matayala akutsogolo inyamulidwe kutsogolo kuti matayalawo asakhudze pansi, ndipo yoyendera matayala onse anayi ikwere pa lole yonse. Malole ambiri amene amabweretsa simenti ndi katundu wa m'mashopu ku Nsanje ndi ku Bangula amabwerera ku Blantyre opanda kanthu, ndipo kukambirana ndi eni ake kumatsitsa mtengo, koma woyendetsa loleyo auzidwe kuti wanyamula galimoto ya batire loonongeka, asaifunditse lona, asakweze anthu kumbuyoko, ndipo aziima m'njira kuti aone ngati sikutuluka utsi.